Ankatereka mphika ndani pa sitiraka ya 1955?

Mabuku a mbiri amati mu 1955 amuna a m'migodi ya ku Copperbelt ananyanyala ntchito masiku 58 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Nzoona. Koma pa masiku onsewo opanda malipiro, ana a m'komboni ya Wusakile ku Kitwe ankadya chiyani? Mphika ankatereka ndani?

Ndi amayi! Amayi amene anachoka ku Chipata, ku Kasama, ena kuwoloka malire kuchokera ku Nyasaland, n'kufikira m'tauni yomwe sinkawafuna. Mkazi wopanda kalata ya ukwati ankatha kugwidwa n'kubwezedwa kumudzi. Amayi omwewo ndiwo ankalima timadimba m'mphepete mwa komboni, kufulula mowa mozemba apolisi, kuyala tomato ndi kapenta pa thumba, kuti bambo asagonje ndi njala n'kutsikanso mumgodi asanamvedwe. Abale anga, ngati zimenezi si ndale, ndale n'chiyani?

Mlendo wamwamuna akafika ku Kitwe ankapeza bungwe la antchito, khadi, msonkhano ndi mpando woti aukhumbire. Mlendo wamkazi ankapeza makalasi a zosokasoka ndi zophikaphika. Nyumba ya bungwe la ogwira ntchito m'migodi ku Kitwe lero ndi Katilungu House. Chipilala cha Mposa Mabwe, chokumbutsa omenyera ufulu, ndi mwamuna. Frederick Chiluba anachoka ku Atlas Copco ku Ndola, nadzera ku bungwe la antchito la ZCTU, mu 1991 n'kukalowa ku State House. Njira imeneyo mayi wa pa msika sanatseguliridwepo. Iye anapatsidwa chitenje cha chipani, nauzidwa kuti akaimbe nthungululu ku bwalo la ndege.

Ndipo asatinamize munthu kuti akazi amaopa. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi wa ku Malawi, anathawa ulamuliro wa Kamuzu Banda, n'kumaphunzitsa malamulo ku Lusaka. Pa 24 December 1981 anagwidwa pamodzi ndi amuna ake, a Orton, m'dera la Chipata. Anaweruzidwa kuti aphedwe onse awiri, ndipo mayiyu anatuluka m'ndende mu 1993, amuna ake atafera kale ku Zomba. Ndende sinafunse kuti uyu ndi mkazi. Amafunsa ndi amuna a m'makomiti, nthawi yogawa maudindo ikakwana.

Pitani ku msika wa Chisokone kapena wa Masala nthawi ya kampeni. Wosonkhetsa anthu ndi mayi, wolipira basi kuchokera m'chilimba ndi mayi, woyamba kutsamwa ndi utsi wokhetsa misozi ndi mayi yemweyo, mwana ali kumsana. Mndandanda wa oimira chipani ukatuluka, mayina ndi a abambo pafupifupi okhaokha.

Zandikwana. Amayi a ku Kitwe ndi Ndola, chipani chikabwera ndi zitenje, chifunseni kaye kuti mwa anthu amene chawasankha kuimira madera anu, akazi ndi angati. Chikayamba kukanda m'mutu, musavine, ndipo basiyo ibwerere yopanda munthu.