Ngozi za ku Joni zimayambira pakhomo pathu

Msika wa fodya ukatsekedwa ku Kanengo, m'midzi ya kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma mumayamba kusowa anyamata. Wina wagulitsa njinga, wina mbuzi za amayi ake, wina wapinyolitsa dimba la banja lonse. Amakakwera galimoto pa Namitete kapena pa Mpingu kusanache, ndipo mukafunsa makolo amangoyankha kuti mwana anapita ku Joni. Wamutenga ndani, adzera chipata chiti, akafikira kwa yani, nthawi zambiri palibe angafotokoze.

Ife sitikunena kuti achinyamata asamapite kunja. Munthu amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza n'kumuthawa, munda wake uli kachigawo kamene amalimbirana ndi abale ake asanu, simungamuuze kuti akhale pansi adikire. Azigogo athu nawo ankapita ku migodi kudzera ku Wenela. Wenela sanali wachifundo, koma ankalemba maina. Ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, zinadziwika kuti wamwalira ndani ndipo kwawo n'kuti, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodiko. Lero mwana wa ku Nsaru akasowa pakati pa Tete ndi Musina, palibe kaundula amene angatsegulidwe.

Ulendo wake umayenda m'manja mwa adobadoba ndi matransipota. Ena mwa iwo amanena kuti ndalama mudzalipira mukafika, ndipo mawu amenewa amamveka okoma kwa banja losauka. Koma munthu woyenda pa ngongole amakhala chikole. Akafika, amatha kutsekeredwa m'nyumba mpaka abale atumize ndalama, mtengo n'kukwera kuposa umene anagwirizana pakhonde. Amene alibe pasipoti satulukira pachipata cha Beitbridge. Amawoloka mtsinje wa Limpopo usiku, kumene kuli magulu a achifwamba otchedwa magumaguma, olanda mafoni ndi ndalama, ogwirira akazi.

Ngakhale wolowa ndi pasipoti yabwino amapatsidwa masiku 30 okha oti akhale ku South Africa ngati mlendo. Masikuwo akatha, iye n'kuyamba ntchito yam'dimba kapena yomanga, amasanduka munthu wopanda mapepala, ndipo apa m'pamene pagona vuto lalikulu. Akaberedwa sapita kupolisi poopa kukathera ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Bwana akamumana malipiro amangomeza malovu. Nyumba yabwino samubwereka, choncho amakapanikizana ndi anzake m'zinyumba zakale zosiyidwa za pakati pa mzinda. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba yotere ya Usindiso ku Johannesburg n'kupha anthu 76, ndipo Amalawi analimo ambiri. Mu Meyi 2024 nyumba imene inkamangidwa mumzinda wa George inagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo ochokera kwathu kuno. Achifwamba amadziwa bwino lomwe kuti Mmalawi wotere amasunga ndalama zake m'thumba kapena pansi pa matiresi, ndiponso kuti sakadandaula kulikonse.

Zipolowe zodana ndi alendo timazikumbuka: anthu 62 anaphedwa mu Meyi 2008, mu Epulo 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu amene anathawa m'nyumba zawo ku Durban, ndipo mu 2019 zinabwereranso mumzinda womwewo. Mu 2025 gulu la Operation Dudula linkaima pazipata za zipatala kuthamangitsa alendo. Koma zipolowe zimabwera n'kupita. Chimene chimapweteka anthu athu tsiku ndi tsiku ndi kukhala m'dziko limene lamulo lake sangalithamangire.

Atsikana ali ndi msampha wawo. Mu Malichi 2024 a BBC anaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopeka pa Facebook kuti akagwira ntchito zabwino ku Dubai, koma anakapezeka ali ku Oman, m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa atangotsika ndege. Kumeneko chilolezo cha wantchito chimamangidwa pa dzina la bwana wake, kotero wothawa nkhanza ndiye amaonedwa ngati wolakwa. Amayi oposa 50 anabwezedwa kwathu, boma litalowetsapo ndalama zambiri. Amene anawakopa sanali Aarabu okha. Ena anali Amalawi anzathu, olankhula Chichewa.

Tisamayankhule ngati zinthu zimenezi timangozimva kuchokera kutali. Dziko lathu nalo ndi njira ya anthu ena opita ku Joni. Mu Malichi 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa chifukwa chosowa mpweya m'kontena ya lole imene inachokera ku Malawi n'kuimitsidwa m'chigawo cha Tete. Mu Okutobala 2022 mitembo pafupifupi 30 inafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anyamata amenewo nawo anali ndi amayi amene anagulitsa ziweto. Anadutsa m'misewu yathu, pa marodibuloko athu, ndipo alipo Amalawi amene anadyapo.

Tinaonanso mu Meyi 2023 pamene apolisi ndi asilikali anayamba kusonkhanitsa anthu othawa kwawo, makamaka a ku Burundi, Rwanda ndi DR Congo, amene ankachita malonda mu Lilongwe ndi m'matauni aang'ono, n'kuwapititsa ku Dzaleka m'boma la Dowa. Ena, pamodzi ndi ana awo, anayamba agona kundende ya Maula. Boma linali ndi mfundo zake za malamulo, ndipo linali litapereka tsiku lomaliza la 15 Epulo chaka chomwecho loti anthuwo abwerere okha kumsasa. Komabe msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, unali kale ndi oposa 50,000. Anthu amene tinkagula kwa iwo sopo ndi mchere, amene ankatikongoza shuga nthawi ya njala, anasiya masitolo ndi katundu usiku umodzi, ndipo ena mwa ife tinaomba m'manja ponena kuti amatilanda bizinesi. Mawu amenewa ndi omwewo amene ana athu amauzidwa ku Soweto. Tikamapempha boma la South Africa kuti liteteze mwana wa ku Nambuma, tiziyankhula tikukumbukira mmene tinachitira ndi mlendo wa pamsika pathu.

Zimene zingachitike pano n'zosafuna ndalama zambiri. Mafumu a dera lino, a Kalolo, a Kabudula, a Khongoni, a M'bwatalika ndi nyakwawa zawo, amalemba kale maina a anthu pa nkhani za minda, maliro ndi makuponi. Angathe kusunganso buku la opita kunja: dzina la woyenda, nambala ya pasipoti yake, dzina ndi foni ya womutenga, ndi dzina la amene akamulandire. Dobadoba wokana kulembedwa m'buku la amfumu wadziulula yekha. Makolo nawo ajambule pasipoti ya mwana wawo, asunge pepalalo, ndipo ntchito iliyonse ya ku maiko a Aarabu aitsimikize kaye ku ofesi ya zantchito ya m'boma asanapereke tambala. Safunsa anadya phula. M'mipingo ndi m'mizikiti, obwerako apatsidwe mpata wofotokoza zimene anakumana nazo, chifukwa pakali pano achinyamata amangoona malata atsopano ndi njinga zamoto za amene zinawayendera. Amene anabwera chimanjamanja amakhala chete ndi manyazi.

Nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ili ndi gawo lake lalikulu. Ntchito yopereka mapasipoti itaima kumayambiriro kwa 2024, anthu sanaleke kuyenda, anangodzera kutchire. Pasipoti ikamavuta kupeza, amene amapindula ndi transipota.

Ndipo lamulo lilipo. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limapereka chilango cha zaka 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana. M'midzi yathu okopa anthu amadziwika maina ndi nyumba zawo. Chimene chimatseka makolo pakamwa ndi mantha akuti akakanena, apolisi awamanga iwowo poti anapereka ndalama, kapena mwana wawo akapwetekedwa kumene ali. Tikupempha akuluakulu apolisi a ku Lilongwe kuti apite ku Namitete, ku Nsaru ndi ku Kabudula, akaime pamaso pa mafumu ndi anthu awo, akanene poyera kuti kholo lodzadandaula za mwana wosowa lidzalandiridwa ngati wodandaula, ndipo akasiye nambala ya wapolisi amene adzayankhe foni.