MAKINA A PLASMA AYAMBE AYESEDWA KONKUNO

Wodwala akanyamulidwa pa ambulansi kuchoka pachipatala cha boma la Mchinji kupita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, maso a abale onse amakhala pa nthenda imene yamugwetsayo, kaya ndi ngozi ya njinga yamoto pamsewu wa ku Mkanda, kaya ndi kufa ziwalo, kaya ndi malungo aakulu. Koma pali mdani wina amene amafika mwakachetechete wodwalayo atagonekedwa kale. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha akagonera mbali imodzi kwa maola angapo, magazi amaleka kufika pakhungu limene lapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi. Poyamba malowo amangosintha mtundu ndi kutentha. Pakutha pa masiku owerengeka, m'chiuno, kumunsi kwa msana kapena pachidendene pamatseguka chilonda, ndipo chilondacho chingathe kudya mnofu mpaka kufika pafupa. Ambiri amachira nthenda imene adagonekedwera koma n'kutha miyezi akulimbana ndi chilonda. Ena tizilombo ta pachilondapo timalowa m'magazi ndi kuwatenga.

Pamwamba pa amenewa pali akupsa. M'miyezi yozizira ya June ndi July ana amagwera pamoto wootha kapena kukhuthukiridwa ndi phala, ndipo odwala khunyu amagwera pamafuwa. Khungu likapsa malo aakulu, khomo la tizilombo limakhala chitsegukire usana ndi usiku.

N'chifukwa chake nkhani ya njira yatsopano yochizira zilonda, yotchedwa plasma wozizira, iyenera kumvedwa bwino ndi aliyense amene ali ndi udindo pa umoyo wa anthu. Plasma ameneyu si madzi a m'magazi aja amene amadziwikanso ndi dzina lomweli ayi. Uwu ndi mpweya umene wapatsidwa mphamvu ya magetsi mpaka wasanduka chinthu chowala, monga zimachitikira m'ching'aning'ani kapena m'getsi la chubu. Dzinali adalipereka ndi katswiri wa ku America, Irving Langmuir, m'chaka cha 1928. Kwa zaka zambiri plasma ankadziwika ndi kutentha koopsa kodula nako zitsulo. Luso latsopano n'lakuti tsopano amapangidwa wosapitirira madigiri 40, kotero kuti angathe kukhudza mnofu wa munthu osauwotcha. Dokotala amagwira kachipangizo konga cholembera, kotulutsa kalawi kakang'ono kobiriwira, n'kumakayendetsa pamwamba pa chilonda kwa kanthawi kochepa. M'kalawiko muli timphamvu timene timaboola tizilombo ndi kutipha, ndiponso timadzutsa magazi kuti ayende ndi mnofu watsopano kuti umere.

Ntchitoyi idakula kwambiri ku Germany. M'chaka cha 2010 madokotala a pachipatala cha Schwabing mumzinda wa Munich adalengeza kuti zilonda zosapola msanga zimene zinkaombedwa ndi plasma kwa mphindi 5 patsiku zidachepa tizilombo kuposa zimene zinkangotsukidwa ndi kumangidwa. Mu 2013 makina awiri, kINPen MED wa ku Greifswald ndi PlasmaDerm wa ku Duderstadt, adaloledwa kugwira ntchito m'zipatala za ku Ulaya. Mu 2020 chipatala cha mtima ndi shuga cha ku Bad Oeynhausen chidayesa njirayi pa odwala shuga oposa 40 amene adali ndi zilonda zakumapazi, powaomba kasanu ndi katatu m'masiku 14, ndipo zilonda zawo zidachepa msanga kuposa za anzawo. Mu 2022 mabungwe a madokotala a m'dzikomo adagwirizana malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake. Nako ku Vietnam, dziko limene silili m'gulu la olemera kwambiri, akatswiri a komweko adapanga makina awoawo otchedwa PlasmaMed. Tsono si nthano kapena malonda a pamsika. Ndi sayansi yeniyeni.

Dziko la Malawi lili ndi chifukwa chake chapadera choyang'anitsitsira njirayi. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene adaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, adaonetsa kuti tizilombo tosamva mankhwala a masiku onse tidachulukirachulukira m'zakazo. Chilonda chimene kale chinkagonja ndi jakisoni wotsika mtengo lero chingafune mankhwala amene sapezeka pachipatala chaching'ono cha ku Kochilira kapena ku Nkhwazi. Plasma amapha tizilombo ta pachilonda mwa njira ina, ngakhale tija tokana mankhwala, ndipo salowa m'mimba kapena m'mitsempha ya munthu amene impso zake zatopa kale. Pa wodwala mwakayakaya chimenechi si chinthu chaching'ono.

Komabe amene amasunga ndalama za anthu ayenera kuwerenga nkhani yonse, osati mutu wake wokha. Pa kuyesa konse kwatchulidwaku, odwala onse, oombedwa ndi osaombedwa omwe, ankalandira chisamaliro chokwanira: mnofu wakufa unkachotsedwa, ndipo chilonda chinkatsukidwa ndi kumangidwa bwino. Plasma adangowonjezera pa ntchito imene manja adali atagwira kale. Ndiponso ku Bad Oeynhausen kuja, ngakhale zilonda zidapola msanga, kuchepa kwa tizilombo sikudasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwo, kusonyeza kuti akatswiri eni ake akadaphunzirabe za makinawa. Chinanso n'chakuti odwala aja adali a zilonda za mgonagona ndi za shuga, anthu otha kudya ndi kulankhula. Munthu amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi wina: magazi ake amayenda mofooka, thupi latupa, chakudya chimalowera m'kapaipi. Mnofu sumera popanda chakudya, ngakhale chilonda chiombedwe m'mawa ndi madzulo. Ndipo kalawi kaja kamagwira pamwamba pokha. Sikafika pa mafinya obisala pansi pa mnofu wakufa mpaka mpeni wa dokotala utatsegula njira.

Walira mvula walira matope. Makina ena mwa amenewa amafuna mpweya wa argon wa m'mabotolo achitsulo, ndipo botolo likatha liyenera kudzazidwanso. Onse amafuna magetsi osadukiza, munthu wophunzitsidwa kuwagwira ndi mmisiri wowakonza. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'Boma zaka zingapo adaonapo makina a mphatso atafunditsidwa nsalu pakona kaamba kosowa kachitsulo kamodzi. Ndalama yogulira makina otere ndi yomweyo yogulira magolovesi, thonje, mabandeji ndi matiresi ofewa.

Motero zinthu ziyende mwa dongosolo lake. Malo oyambira ndi zipatala zazikulu kumene kuli zipinda za odwala mwakayakaya ndi mawodi a akupsa: ku Kamuzu Central, kumene wodi ya akupsa idakhazikitsidwa mu 2011, ndi ku Queen Elizabeth, kumene idatsegulidwa mu 1993. Kumeneko akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences angathe kuyesa makinawa pa odwala a konkuno, ndi chilolezo cha makomiti oona za kafukufuku, n'kulemba poyera masiku amene chilonda chatenga kuti chipole ndi makwacha amene apita. Kuyesa kotere si kwachilendo muno. Mu 2007 madokotala a pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre adafalitsa zimene adapeza atayerekeza uchi ndi shuga pomanga zilonda za odwala 40, ndipo uchi udaoneka kuti ukuchepetsa tizilombo kuposa shuga. Muyeso umene udagwira pa uchi ugwirenso pa makina ochokera kunja. Ngati apambana, aguliridwe zipatala za m'maboma poyera ndi mosanyinyirika.

Boma la Mchinji, limene pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 600,000, lili ndi mbali yake imene siidikira makina. Yoyamba ndi kuwerenga. Wodwala aliyense wogona aonedwe khungu tsiku limene walowa ndi tsiku limene watuluka, ndipo zolembedwazo zipite naye limodzi pa ambulansi, kaya akuchokera ku Kapiri, ku Ludzi kapena ku Guilleme. Ofesi ya zaumoyo imene ikudziwa kuchuluka kwa zilonda zake ndi imene idzathe kunena, tsiku la kugawa makina likadzafika, kuti ikufuna angati ndiponso aikidwe pati.

Yachiwiri ndi kukhala tcheru. Mchinji ndi boma la m'malire, ndipo katundu wa mtundu uliwonse amadutsa pa Mwami ndi m'njira zina zosawerengeka. Dzina la plasma lalembedwa kale pa tizipangizo tambiri ta m'masitolo okongoletsa nkhope, ndipo tina mwa timeneti timawotcha khungu. Munthu wochenjera akadzatsegula kachipinda pamsika n'kumalipiritsa amayi kuti awaombere chilonda cha shuga, phazi lidzadulidwa ndi la mayiyo. Chipangizo chilichonse chokhudza chilonda cha munthu chiyenera kukhala chovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ogwira ntchito pachipata ali ndi ufulu wofunsa mapepala ake.

Yachitatu ili m'manja mwa atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo. M'zipatala za muno, amene amachezera usiku pambali pa bedi ndi mbale wodikirira matenda, ndipo wodwala akabwerera kumudzi ntchito yonse imatsala ndi iyeyo. Pamsonkhano uliwonse wa chitukuko papezeke mphindi zochepa zomuphunzitsira kuti wodwala wosatha kudzisuntha atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usiku womwe, kuti nsalu zake zikhale zouma ndi zopanda makwinya, kuti zidendene zake zisagunde mphasa, ndiponso kuti phala lake likhale la nsinjiro kapena soya, mbewu zimene Mchinji amalima zochuluka. Malo akayamba kusintha mtundu, asapakidwe phulusa kapena mafuta a galimoto, koma namwino auzidwe tsiku lomwelo.