Anatibera mawu oti "kumvera"

Sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, ndiye mundipirire. Ine ndimagulitsa usipa ndi mpunga mumsika wa pa Liwonde, ndipo benchi yoyandikana ndi yanga yakhala pululu kwa miyezi itatu tsopano. Mwini wake ali moyo, sakudwalanso. Chomwe anachita n'kumvera basi.

Mayi ameneyu takhala naye limodzi zaka 7. Tinkalawirira limodzi kukapikula nsomba ku Mangochi, kubwerako usiku fungo lili thupi lonse. Akulera yekha ana atatu, wamkulu anali Fomu 3. Chaka chatha anayamba kupita ku mapemphero a mneneri wina amene anadzachita lendi holo m'tauni muno. Dzina sinditchula, poti mayina awo ndi ambiri koma nyimbo yawo ndi imodzi. Usiku wina anamuitanira kutsogolo, papa n'kumuuza kuti: "Mayi, Mulungu sanakulengereni fungo la nsomba. Ndikuona shopu yaikulu, ndikuona makontena ochokera ku Dar es Salaam. Koma chitseko chanu chikufuna mbewu yopweteka, ndipo mufese lisanafike Lachisanu."

M'mawa mwake anafika pa benchi nkhope ikuwala. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, mbewu yake ndi ya zingati?" Akuti K400,000. Mpamba wake wonse unali K250,000, yotsalayo anakakongola ku banki mkhonde. Ndinamugwira mkono, ndinati dikirani kaye olo sabata imodzi, tikafunse abusa a ku mpingo kwanu. Anandiyankha kuti ndili ndi mzimu wokayika, Abrahamu sanadikire sabata.

Kontena silinabwere. Anabwera ndi azimayi a banki mkhonde, kudzanyamula matiresi, mipando ndi ndowa. Atabwerera kwa papa, atalipiranso ya pakhomo kuti aonane nawo, anauzidwa kuti anafesa ndi mitima iwiri, ndiye afesenso. Pano ali kumudzi kwawo cha ku Ntaja, akulima ganyu, ndipo mtsikana wa Fomu 3 uja ali pakhomo.

Musandione ngati wochenjera ayi. Inenso ndinagulapo kabotolo ka mafuta odzozedwa ka K5,000, n'kuwaza pa benchi m'mamawa anthu asanafike. Sabata imeneyo usipa unandiolera ndi mvula ngati wa wina aliyense. Ndikulemba monga munthu amene analumidwapo, ndipo ndikudziwa chimene chimatikokera kumeneko. Namondwe wa Freddy anatisiya manja ali m'khosi mu Malichi 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mpamba umene unkadzaza madengu atatu n'kumangodzaza awiri. Munthu ukatopa chonchi umafunitsitsa wina akuuze kuti mavuto akowa ali ndi tanthauzo, kuti Mulungu ali nawe pulani. Njala imeneyi si tchimo. Tchimo lili kwa amene waiona njalayo n'kuikapo mtengo.

Ife a ku Machinga sitiyenera kuphunzitsidwa kawiri za munthu amene walota m'malo mwathu. Mu 1995 bambo Billy Goodson Chisupe a m'mudzi wa Chikamana ananena kuti anasonyezedwa kutulo mtengo wochiza Edzi. Anthu anakhamukira kuno pa mabasi ndi malole kuchokera m'zigawo zonse zitatu, kudzamwa mankhwala amene anatchuka ndi dzina loti mchape. Ine ndinali kamwana, koma amayi anga amasimba mpaka lero za chigulu chija. Edzi sinathe. Maliro anapitirira, ndipo chimene chinadzatsitsa imfa ndi ma ARV aulere amene anayamba mu 2004. Komabe a Chisupe sankalipiritsa. A lerowa ali ndi mndandanda wa mitengo ngati pa butchala: kuonana ndi papa zakutizakuti, madzi zakutizakuti, sitika ya pa galimoto zakutizakuti. Pamwamba pa zonsezo aikapo mawu amodzi otsekera pakamwa: mvera.

Ukafunsa kuti ndalama zikupita kuti, akuti ndiwe wosamvera. Mayi akumenyedwa mpaka diso kutupa, akuti pirirani, mkazi amamvera. Wina auzidwa kuti wachira, ataye mankhwala, kumwabe ndiye kukayika Mulungu. Amakonda kulalikira za Samueli amene anauza mfumu Sauli kuti kumvera kuli pamwamba pa nsembe. Koma taonani matsenga ake: kwa iwowa kumverako ndi nsembe yomweyo, ndipo nsembeyo imalowa pa nambala ya foni yawo.

Pali nkhani ina m'Baibulo imene sindinamvepo papa aliyense akuilalikira. Ili pa 1 Mafumu 13, kawerengeni nokha. Munthu wa Mulungu wochokera ku Yuda anatumidwa ku Beteli kukadzudzula guwa la mfumu Yerobiamu, ndipo analamulidwa kuti asadye kapena kumwa kumeneko. Mfumu itamuitanira chakudya ndi mphatso, anakana. Kenako kunabwera mneneri wokalamba, n'kumuuza kuti nayenso ndi mneneri, ndipo mngelo wamuuza kuti abwerere naye kunyumba akadye. Linali bodza. Munthu uja anamvera, anadya, ndipo panjira mkango unamupha. Taganizani, abale. Mfumu anaikana bwinobwino, amene anamugwetsa ndi mneneri mnzake. Ndipo Mulungu sanamukhululukire poti anamvera wamkulu wa mu utumiki. Chimene Mulungu wakuuza kale m'mawu ake sichifafanizidwa ndi munthu amene akuti mngelo wamunong'oneza.

Ndikudziwa kuti ena mwakonzeka kale ndi vesi lija loletsa kukhudza odzozedwa. Chabwino. Nanga anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17? Ankamvetsera Paulo weniweniyo akulalikira, kenako n'kukafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku ngati zinalidi choncho, ndipo anayamikiridwa chifukwa cha zimenezo. Ngati Paulo ankafufuzidwa, papa wa mu holo ya lendi ndi ndani? Elisa anachiritsa Namani khate n'kukana mphatso zake zonse. Wantchito wake Gehazi anathamangira mphatsozo mseri, khate lija n'kugwera iye. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamukalipira koopsa. Paliponse m'Baibulo pamene ndalama yakumana ndi mphatso ya Mulungu pa benchi imodzi, pamatuluka tsoka. Ife ogulitsa timadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ulosi ukakoma kwambiri, yang'anani chingwe.

Kumvera Mulungu kwenikweni dziko lino linakuonapo, ndipo mbali ina kunachitikira pakhomo pathu pomwepa. Lamulungu pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena poyera za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'zipatala ndi m'masukulu, ndiponso za anthu okhala mwamantha osatha kulankhula. Nthawi imeneyo kumvera inali imodzi mwa ngodya zinayi za Kamuzu, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Maepiskopi aja, kuphatikizapo Ambuye James Chiona a ku Blantyre ndi Ambuye Allan Chamgwera a ku Zomba, anaitanidwa kupolisi. Kalatayo inaletsedwa, kupezeka nayo unali mlandu. Monsinyo John Roche a ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inatenthedwa. Balaka yomweyi, ulendo wosakwana ola pa minibasi kuchokera pa Liwonde. Patatha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri.

Ndiye pali a Mboni za Yehova. Ine si wa Mboni ndipo pali zambiri zimene sitigwirizana, koma chipewa ndimawavulira. Amayi amandiuza kuti masiku amenewo pa geti la msika pankaima ayufi, wopanda khadi la chipani sankalowa. A Mboni anakana kugula khadilo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Analetsedwa mu 1967, anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo mu 1972 ambiri anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Anali alimi ndi ogulitsa ngati ife, ndipo kumvera kwawo kunali kunena kuti ayi kwa munthu wamphamvu kuposa onse m'dziko.

Mukaika nkhani zimenezi pambali pa ya mnzanga uja, funso lake limatuluka lokha: amene akulalikira kumverayo wataya chiyani? Maepiskopi anaika makosi awo pa mpeni chifukwa cha nkhosa. A Mboni anataya minda ndi nyumba zawo, ndipo palibe m'busa amene analemera nazo. Pa nkhani ya mnzangayu, wotaya ndi mayi wa ana atatu, wopindula ndi amene analota. Papa anagona pa matiresi, nkhosa inagona pa mphasa.

Chimene chinandipweteka kuposa ndalama ndi mawu aja oti Mulungu sanamulengere fungo la nsomba. Ndani anati cholinga cha Mulungu chimayenera kufika pa kontena? Ophunzira oyamba a Yesu anali asodzi, fungo lake lomweli. Lidiya, mayi amene analandira Paulo kunyumba kwake ku Filipi, anali wogulitsa nsalu, ndipo palibe pamene timawerenga kuti anauzidwa kusiya geni. Paulo yemweyo ankasoka mahema ku Korinto kuti adye thukuta lake. Mayi amene usipa wake ukulipira fizi ya mtsikana wa Fomu 3 ali kale pakati pa ntchito imene Mulungu anamupatsa. Anamuchotsa pamalo pake pomuuza kuti malowo ndi onyozeka.

Ndipo ngati tikufunadi kumvera, zoti timvere zilipo kale zambiri, zaulere, zosafuna mneneri. Buku la Miyambo limanena kuti Mulungu amanyansidwa ndi sikelo yonyenga, ndipo Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso. Anzanga a mumsika, tisanamizane, chigoba chophwanyidwa pansi timachidziwa. Kuika usipa wabwino pamwamba wofumbwa pansi timakudziwa. Kukweza mtengo poona kuti kasitomala watsika galimoto yabwino timakudziwa. Ine kusiya zimenezi kunandivuta kuposa kusala kudya masiku atatu kuphiri, chifukwa kumadya phindu tsiku lililonse ndipo palibe amene amakuombera m'manja. N'chifukwa chake timakonda kumvera kwa mu holo. Umalipira kamodzi, anthu n'kukuwa ameni, mawa n'kubwerera ku chigoba chako chophwanyika.

Sindikunena kuti Mulungu salankhula, kapena kuti kupereka n'kulakwa. Ndimapereka ku mpingo kwathu, ndipo kumapeto a mwezi amatiwerengera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Abusa oona alipo, ena amapalasa njinga mpaka ku Nsanama kukaika maliro a munthu amene sanawapatsepo olo dzira. Iwowa ndi amene akuipitsidwa mbiri ndi amalonda a maulosi.

Pano ndikamva munthu akuti Mulungu wamuuza za moyo wanga, ndimachita monga ndimachitira pogula thumba la mpunga, kulowetsa dzanja mpaka pansi. Kodi zikugwirizana ndi zimene zinalembedwa kale? Mulungu amene amati munthu asamalire a pabanja pake sangakuuze kuti ukongole ndalama ana agone ndi njala. Kodi wonenayo apindulapo chiyani? Kodi akundilola kufunsa ena, abusa anga, amayi anga, mnzanga wa pa benchi, anthu amene sadyapo kanthu? Nanga akundithamangitsiranji? Mawu ochokera kwa Mulungu saola pofika Lachisanu ngati tomato. Wokuthamangitsa pa malonda amakhala akubisa chilema cha katundu, ndipo safunsa anadya phula.

Kwa inu apapa amene muwerenge izi, poti mafoni muli nawo apamwamba, ndili ndi pempho limodzi. Ngati munaonadi makontena, kongozani mayiyo mpamba kuchokera m'thumba mwanu, adzakubwezereni kontena likafika. Mukakana, ndiye kuti ulosi wanu simuukhulupirira ndinu nomwe, nanga ife tiukhulupirire bwanji?

Ife azimayi 6 a mzere wa nsomba tagwirizana kusonkha K20,000 aliyense mwezi uno. Sidzadza dengu, koma ikwana ndowa ziwiri zoyambira. Tiketi ya benchi yake tikumulipirira kuti wina asakhalepo. Loweruka ndikwera ya ku Ntaja kukamutenga. Akuti akuchita manyazi kubwerera, akuopa kuti timuseka. Ndikamuuza kuti kabotolo kanga ka mafuta kaja kakadali pawindo, ndipo ngati pali woti asekedwe tiyambire ine.