ZA UMOYO M'BANJA: Dokotala Akakukwezani Mwendo

Mwezi uno tikambirane za msana.

M'mawa uliwonse timaona abale athu akuyenda pansi kucokera ku Mtendere ndi ku Kalingalinga kudzagwira nchito m'nyumba za mu Kabulonga. Amaweramira maluwa, amakolopa, amanyamula katundu. Abwana ao naonso amakhala pa mpando wa mu ofesi tsiku lonse. Onsewa msana suwasankha. Koma ululu ukatsika kucokera m'ciuno kufika kuphazi, mmodzi amathamangira ku makina ojambula, pamene winayo amabwera ku kiliniki akudandaula kuti, “Adokotala angondikweza mwendo, basi.” Kodi wanyengedwa?

Pakati pa mafupa a msana Mulungu anaikapo tinkhata tofewa, tonga nkhata ya mai wosenza mtsuko. Kankhata kamodzi kakaphulika ndi kutulukira kumbali, kamapanikiza muzu wa mtsempha wopita kumwendo. Kawirikawiri izi zimacitika pa tinkhata tiwiri tam'munsi kwenikweni. Ndiye pamabwera ululu wonga moto, dzanzi, mwinanso kufooka kwa phazi.

Pofuna kudziwa ngati mtsempha wapanikizika, dokotala amagoneka wodwala cagada, nakweza mwendo wodwalawo pang'onopang'ono, bondo lili coongoka. Ululu ukathamanga mpaka kupitirira bondo, ndico cizindikiro. Njirayi imadziwika ndi dzina la Charles Lasègue, dokotala wa ku Paris, ndipo wophunzira wake Forst anailemba m'caka ca 1881.

Nanga njirayi imanena zoona motani? M'caka ca 2010 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zofufuza zambiri, makamaka za odwala amene anali atafika kale kwa madokotala a opaleshoni. Anapeza kuti mwa anthu 100 amene kankhata kao kanatulukadi, 92 anamva ululu powakweza mwendo. Koma mwa anthu 100 amene analibe vutoli, 72 anamvanso ululu womwewo. Ukondewu ugwira nsomba pafupifupi zonse, komanso ugwira ndi acule omwe.

Pali kuyesa kwaciwiri. Dokotala amakweza mwendo wabwino uja, ndipo ululu ukamveka ku mwendo wodwala, umboni wake ngwamphamvu. Mwa anthu 100 opanda vutoli, 10 okha ndiwo amamva conco. Koma mwa 100 odwaladi, njirayi imapeza 28 okha. Kugogoda pa bondo ndi pa kakolo ndi kanyundo, kuyendera zidendene kapena zala, kuyesa mphamvu ya cala cacikulu ca kuphazi, zonsezi ciliconse pacokha ncoperewera. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Dokotala wanzeru amaphatikiza zizindikiro zingapo pamodzi ndi mbiri imene wodwala wafotokoza.

Tsono kodi makina ndiwo yankho? Naonso ali ndi malire. M'caka ca 1994 ku America anajambula ndi makina a MRI anthu 98 amene sanali kumva msana konse. Oposa theka anapezeka ndi kankhata kofutukuka. Cithunzi cimaonetsa maonekedwe a msana, koma sicimva ululu wa munthu. Nkutheka banja kugulitsa mbuzi kapena kutenga kaloba cifukwa ca cithunzi cimene sicisintha mankhwala ngakhale pang'ono.

Cotilimbitsa mtima ncakuti ambiri odwala motere amapeza bwino m'milungu yocepa kapena miyezi iwiri itatu popanda opaleshoni. Kuyendayenda pang'ono kumathandiza kuposa kugona pa mphasa masiku ambiri.

Komabe pali zizindikiro zosayenera kudikira mawa. Ngati mkodzo wakana kutuluka kapena ukutuluka wokha, ngati pali dzanzi pakati pa miyendo, ngati miyendo ikufookerafookera, pitani ku cipatala cacikulu monga UTH tsiku lomwelo. Ndipo popeza kwathu kuno TB imalowanso m'mafupa a msana, munthu amene akuonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku ayenera kupimidwa msanga.

Udindo wathu ndi wotani? Pamaso pa dokotala tinene zoona zokhazokha: ululu unayamba liti, umafika pati, umakula pokhosomola kapena ai. Tisaonjezere kuti atimvere cisoni, tisabisenso poopa kucotsedwa nchito. Akatiuza tsiku lobwerera, tibwerere, pakuti nthawi nayo ndi mboni.

Ndipo inu olemba anthu nchito, wanchito akabwera wopanda cithunzi m'manja, musamuyese waulesi. Ululu wake ungakhale weniweni ngakhale pepala palibe. Mpatseni nchito yopepuka ndi masiku oti acire, pakuti msana umene umasamala nyumba yanu ndiwo umadyetsanso ana ake.

Luka Woyera, amene anali sing'anga, atipempherere ife ndi onse otisamala m'zipatala. Tidzakumananso mwezi wamawa.