Musaseke za Asilikali Aatali a ku Potsdam

Nkhani ya Mfumu Frederick William I ya ku Prussia, yomwe idalamulira kuyambira 1713 mpaka 1740, anthu amaikamba ngati nthabwala. Amati mfumuyi, yomwe mwini wake idali yaifupi, inkakonda asilikali aatali kotero kuti idawasonkhanitsira gulu lapadera mumzinda wa Potsdam, ndipo wolowamo ankayenera kutalika mamita 1.88 kapena kuposa. Omvera amafa nazo phwete. Ine sindiseka.

Tadzifunsani, awerengi: amuna amenewa ankafika bwanji ku Potsdam? Ena adakopeka ndi ndalama, inde. Koma ena ankagwidwa ngati mbuzi. Nthumwi za mfumu zinkayendayenda m'maiko a ku Ulaya, kunamiza anthu ndi kuwaba. Mu 1716 mfumuyi idapatsa Peter, mfumu ya ku Russia, chipinda chodula chokongoletsedwa ndi amber, ndipo Peter adabweza mphatsoyo potumiza amuna aatali 55. Munthu kumuyesa mphatso! Kodi amayi awo adafunsidwa? Ngati umenewu si ukapolo, tiutche chiyani?

Chondiwawa kwambiri, ine wogwira ntchito m'boma, n'chakuti mfumu yomweyi imatamandidwa kuti idali yosamala chuma cha dziko. N'zoona kuti itangolowa ufumu idachotsa antchito ambiri a kunyumba yachifumu ndi kudula malipiro. Koma kuumira kwakeko kunkathera pomwe chilakolako chake chinkayambira. Ikamva za mwamuna wamtali, thumba la boma linkamasuka lokha, kugulira anthu owaonetsa kwa alendo ngati zidole.

Ndiponso mfumu sinkagwira anthuwa ndi manja ake. Wina adayeza msinkhu, wina adalemba dzina m'kaundula, wina adasainira ndalama. Ndakhala pa desiki zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikudziwa m'mene dzanja limapepukira posaina pepala lochokera kwa akuluakulu. Timati tikungogwira ntchito.

Mfumuyi itamwalira mu 1740, mwana wake Frederick II sadachedwe kuthetsa mbali yaikulu ya gululo chifukwa linkadya ndalama zambiri. Anthu oona kuti n'zachabe adalipo kale m'nyumba momwemo, koma adadikira maliro kuti achitepo kanthu.

Olemba anzanga, tikamalemba za mfumuyi tisamati idali ndi "kakhalidwe kachilendo". Mmphawi akaba munthu timamutcha chigawenga. Mfumuyi idaba anthu, ndipo alembi ake adaithandiza.