NSIMA IKAMAIMA PACHIFUWA MUSAFULUMIRE KULOZA CHALA MNANSI

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime, zimbudzi ndi misika ndimadya m'makomo ambiri. Chaka china, ndili m'mudzi wina, ndinaitanidwa ku nsima ndi bambo wa zaka pafupifupi 40. Pambali pawo panali chikho chachikulu cha madzi. Akameza mbamu imodzi ankamwera madzi, kenaka nkuimirira, kutukula mapewa ndi kudziguguda pachifuwa kufikira nsimayo itatsika. Akazi awo anandinong'oneza kuti zimenezi zinali zitatha zaka zitatu, kuti usiku mtsamiro unkanyowa ndi chakudya chobwerera, ndiponso kuti abale onse ankamudziwa munthu amene "anawadyetsa". Mbuzi ziwiri zinali zitapita kale kwa asing'anga, ndipo pachifuwa pa bambowo panali mphini zosawerengeka. Ine ndemwe, poona kuonda kwawo ndi kumva kutsokomolako, ndinaganiza za chifuwa chachikulu. Tonsefe tinaphonya. Atafika kuchipatala chachikulu, madokotala anawapeza ndi matenda otchedwa achalasia.

Dzinali ndi la Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulephera kumasuka. Chakudya tikameza chimatsika mu mmero, njira yotalika pafupifupi masentimita 25 yochokera kukhosi kukafika kuchifu. Sichigwa chokha monga mwala m'chitsime ayi. Minofu ya mmero imachifinya ndi kuchikankhira pansi, ndipo kumapeto kwake kuli mnofu wozungulira umene umagwira ntchito ngati chingwe chomangira pakamwa pa thumba. Chakudya chikafika, mnofuwo umamasuka, ndipo chikadutsa umamanganso. Ntchito yonseyi imalamulidwa ndi timitsempha tating'ono kwambiri tokhala m'kati mwa khoma la mmero. Mwa munthu wodwala achalasia timitsempha timeneti timafa pang'onopang'ono, kotero kuti mmero umaleka kukankha ndipo chingwe chija chimakhala chomangika. Chakudya chimaunjikana pamwamba pake, mmero nkumatanuka chaka ndi chaka mpaka kusanduka ngati thumba.

Nanga chimapha timitsempha timeneti nchiyani? Akatswiri amaganizira kwambiri chitetezo cha m'thupi, kuti nthawi zina chimasokonezeka nkuyamba kuononga ziwalo za mwini wake, mwina chitadzutsidwa ndi kachirombo kena kamene munthu anadwala kale. Mwa anthu owerengeka matendawa amayenda m'magazi a kumtundu. Ku South America kuli nthenda ya Chagas, imene Carlos Chagas wa ku Brazil anaifotokoza mu 1909, ndipo kachirombo kake kamaononga timitsempha tomweti. Kachiromboko ndi kachibale ka kaja koyambitsa kaodzera, koma kaodzera wa kuno kwathu sachita zimenezi. Chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: achalasia sapatsirana podyera mbale imodzi, sabwera chifukwa cha chakudya choipa, ndipo palibe munthu angamuike mnzake mu thobwa. Amagwira amuna ndi akazi mofanana, makamaka a zaka za pakati pa 25 ndi 60.

Zizindikiro zake zimayamba mwakachetechete. Wodwala amamva chakudya chikuima kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndipo kawirikawiri ngakhale madzi ndi phala zimavuta kutsika kuyambira pachiyambi pomwe. Chakudya chimabwerera kukamwa chili momwe anachitafunira, chopanda kuwawasa kwa masanzi, pakuti kuchifu sichinafike. Akagona, chakudya ndi malovu zimatha kulowa m'njira ya mpweya, munthu nkutsamwa, kutsokomola usiku, mwinanso kudwala chibayo mobwerezabwereza. Ena amamva kupweteka pachifuwa, ena amati ndi chilungulira nkumangogula mapiritsi kugolosale kapena kumwa soda. Wodwala amayamba kudya yekha chifukwa cha manyazi, amatsalira pambale ena atasamba kale m'manja, ndipo thupi limatha.

Wina angafunse chifukwa chimene ndikutayira inki pa matenda osowa chotere, pakuti pa anthu 100,000 amene amayamba kudwala achalasia pa chaka ndi mmodzi kapena awiri. Funsolo ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lowawa. Kuno ku Malawi munthu wamkulu akamalephera kumeza, chimene madokotala amayamba kuopa ndi khansa ya kummero, pakuti dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Khansa imayamba ndi kukana zolimba monga nyama ndi nsima, kenaka phala, pomaliza madzi, ndipo imafulumira m'miyezi yochepa. Achalasia amayenda pang'onopang'ono kwa zaka. Palinso mafangasi oyera a kukhosi amene amavutitsa anthu a chitetezo chochepa m'thupi, ndi zipsera za mmero mwa amene anamwa mankhwala ootcha. Koma ndikuchenjezeni, owerenga anzanga, kuti musatenge mawu angawa nkumadziyeza nokha pakhonde. Khansa ina imaoneka ndendende ngati achalasia, ndipo ngakhale dokotala sangasiyanitse ndi maso okha.

Vuto limene ndaliona m'midzi ndi lakuti anthu anagamula kale kuti matenda a kummero alibe mankhwala. Ena amati ndi zaufiti, ena amati kupita kuchipatala nkungotaya ndalama za basi. Maganizo onse awiriwa amamusunga wodwala panyumba, ndipo ine sindigwirizana nawo. Achalasia ali ndi chithandizo, ndipo chinayamba kalekale. Mu 1674 dokotala wa ku England, Thomas Willis, anafotokoza za wodwala wake amene ankakankhira chakudya kuchifu ndi kandodo ka fupa la namgumi kokhala ndi siponji kunsonga. Musayesere zimenezo kunyumba! Mu 1913 Ernst Heller wa ku Germany anachita opaleshoni yodula mnofu womangika uja, ndipo opaleshoniyi ikuchitikabe mpaka lero ndi dzina lake. Njira ina ndi yolowetsa baluni mu mmero nkuipopa kuti itanule mnofuwo. Timitsempha takufa sitidzukanso, koma chipata chikatseguka munthu amadya nkubwerera kumunda.

Poyeza, wodwala amamwetsedwa madzi oyera okhuthala nkujambulidwa ndi X-ray. Ngati ali achalasia, chithunzi chimaonetsa mmero wotanuka wothera pa kansonga ngati mlomo wa mbalame. Madokotala amalowetsanso kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kuti aone m'kati ndi kutsimikiza kuti mulibe chotupa. Zimenezi zimachitika kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, koma ulendo wake umayambira pachipatala chaching'ono cha kwanu, kumene mumalandira kalata yokutumizani.

Mukafika kumeneko musangoti "m'mimba mukundipweteka". Nenani momveka kuti chakudya chikuima pachifuwa, chinayamba liti, ngati madzi akutsika, ndi ngati chimabwerera usiku. Pemphani kukwera sikelo ndipo kulemera kwanu kulembedwe m'buku lanu lachipatala. Ngati mwamwa mankhwala a chilungulira koma kumeza sikunasinthe, bwereraninso mukanene, osachita manyazi. Poyembekezera tsiku lanu, idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, tafunani bwino, musagone mutangodya, ndipo kwezani kumutu kwa mphasa kapena bedi lanu.

Bambo aja ndinakumana nawo pamsika patapita miyezi ingapo atachitidwa opaleshoni, akukukuta chimanga chootcha. Mnansi amene ankanenedwa kuti anawadyetsa anali atasamuka kale m'mudzimo ndi banja lake lonse, ndipo palibe amene anapita kukamupepesa.