Ndemanga: Chaka cha pakobiri chisakupusitseni

Mabanja ambiri ali ndi kachitini kamene agogo adasiya, momwe muli makobiri akale othimbirira. Kale makobiriwa adali zoseweretsa za ana, koma masiku ano, pamene foni yafika m'makomo ambiri, anthu akuwajambula n'kuwaika pa Facebook kapena eBay poyembekezera kupha makwacha. Ena akugula poganiza kuti adzagulitsa pamtengo wokwera. Vuto ndi lakuti ambiri mwa ogula ndi ogulitsawa sadziwa kuti m'manja mwawo muli chiyani, ndipo akamberembere apezerapo danga.

Mtengo wa kobiri lakale umadalira kwambiri chaka chomwe lidasulidwa, kuchuluka kwa omwe adasulidwa chaka chimenecho, komanso mmene lasungikira. Tsoka ilo, kobiri lomwe layenda m'misika zaka makumimakumi limakhala loperepeseka, ndipo manambala a chaka amafufutika. Apa ndi pomwe wogulitsa wosakhulupirika amangolemba chaka chimene chingamubweretsere ndalama zambiri.

Komatu kobiri limadzichitira lokha umboni ngakhale chaka chitafufutika. Ndalama zachitsulo zoyamba za dziko la Malawi zidatuluka mu 1964 ndi nkhope ya Dr Kamuzu Banda, ndipo zidali za masheleni. Kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971. Choncho ndalama iliyonse yolembedwa mawu oti tambala siingakhale ya 1964, kaya wogulitsa alumbire chotani. Chosokoneza n'chakuti sheleni ya 1964 ndi 10 tambala zonse zili ndi chithunzi cha chimanga, pomwe ndalama ya masheleni awiri ndi 20 tambala zonse zili ndi njovu. Wongoyang'ana chithunzi osawerenga mawu agwa m'mbuna.

Nkhope nayo imathandiza. Ndalama yokhala ndi nkhope ya Bakili Muluzi siingakhale ya m'nthawi ya chipani chimodzi, chifukwa iye adalowa m'boma mu 1994. Kobiri loboola pakati lokhala ndi njovu ziwiri, lolembedwa Rhodesia and Nyasaland, ndi la m'nthawi ya chitaganya chomwe chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Wonena kuti kobiri lotere ndi la zaka 200 zapitazo akunama masanasana.

Palinso ndalama zimene chaka chake chimaoneka bwinobwino koma n'kukhala chosocheretsa. Ndalama yasiliva ya Maria Theresa ya ku Austria, yomwe idayenda kwambiri ku Ethiopia ndi maiko a Aluya, yakhala ikusulidwa mobwerezabwereza ndi chaka chimodzimodzi cha 1780, chaka chomwe mfumukaziyo idamwalira. Zambiri mwa ndalamazi zidasulidwa patapita zaka zoposa 100, ndiye nambala ya 1780 payokha si umboni wa ukale. N'chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Ku America kuli phunziro lina. Ndalama ya masenti 5 yotchedwa Buffalo nickel, yomwe idasulidwa kuyambira 1913 mpaka 1938, idali ndi chaka pamalo otukuka, motero chinkafufutika msanga. Anthu ena amathirapo asidi kuti manambala aonekenso. Chaka chimaonekadi, koma pamatsala banga, ndipo osunga ndalama zakale amagula yotere pamtengo wotsika kwambiri. Wogulitsa wachilungamo amaulula kuti ndalamayo idathiridwa mankhwala, wachinyengo amangoti zii.

Phunziro kwa mabanja ndi lakuti kobiri lakale salikwecha ndi phulusa, mchenga kapena mandimu ngati poto. Kuwala kobwera ndi kukwecha kumagwetsa mtengo. Njira yabwino ndi kuliika pansalu, kuliunika chammbali ndi tochi ya foni kuti zilembo zofufutika zichite mthunzi, kenaka kulijambula n'kukulitsa chithunzicho. Ngati nambala yomaliza siikuoneka, mwini kobiri anene choncho poyera, asachite kulota.

Wogula naye asamale. Apemphe zithunzi zooneka bwino za mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete mwake, afunse kulemera ndi kukula kwake, ndipo afananize ndi zomwe zalembedwa m'mabuku kapena pamasamba odalirika a ndalama zakale. Adziwenso kuti mtengo umene munthu walemba pa intaneti si mtengo umene kobiri lagulidwira. Aliyense atha kulemba K5 miliyoni pakobiri wamba, ndipo chithunzi chake n'kuzungulira pa WhatsApp mpaka anthu kukhulupirira kuti chuma chili m'kachitini. Wolonjeza kugula makobiri pamtengo wa galimoto, koma n'kuyamba wapempha ndalama ya kalembera kapena ya mayendedwe, ndi wakuba basi.

Zoona zake n'zakuti makobiri ambiri a m'zitini adasulidwa ochuluka zedi ndipo mtengo wake ndi wochepa. Banja lisagulitse mbuzi kapena kudya fizi ya mwana pothamangira kobiri lomwe chaka chake chili m'kamwa mwa wogulitsa mokha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndipo kobiri likapezeka kuti ndi wamba, lisatayidwe: sheleni ya 1964 ikhoza kuphunzitsa mwana mbiri ya dziko lake pomwe agogo akumufotokozera zomwe inkagula pamsika.